Kujambula Mitambo ya Mvula ndi Thambo la Madzulo

Anthu ambiri akagwira kamera amajambula anzawo. Amajambula akwati pa tsiku la ukwati, khanda limene langotuluka kumene m'chikuta, kapena ana a sukulu ataima pa mzere pamodzi ndi aphunzitsi awo. Ntchito imeneyi siivuta kwenikweni, pakuti munthu amamva. Akauzidwa kuti asendere kumanja amasendera, akauzidwa kuti amwetulire amamwetulira. Koma alipo ojambula ena amene amaloza kamera yawo kumwamba. Amenewa ntchito yawo ndi yovuta, chifukwa mtambo suuzidwa zochita. Ukakongola suchedwa kusandulika, ndipo ukada kwambiri ukhoza kupha ndi woujambula yemwe.

M'mudzi wa Chembe, ku Cape Maclear m'boma la Mangochi, munali bambo ena amene ankapeza ndalama pojambula zithunzi za maukwati ndi za alendo odzaona nyanja. Ntchito ikachepa ankakonda kujambula mitambo. Anzawo ankawaseka nati, "Kodi mtambowo udzakulipirani?" Iwo sankayankha kanthu. Amene ankawanyamulira chikwama anali mwana wawo wamkazi wa m'Sitandade 5.

Tsiku lina m'mwezi wa Novembala kunacha kotentha. Kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe, ndipo nyanja inangoti phee. Bambo aja atayang'ana kumapiri anauza mwana wawo kuti akaweruka kusukulu asachedwe m'njira.

"Lero kuli ntchito, mwanangu," iwo anatero.

"Ntchito yanji, Bambo, poti kumwamba kulibe kanthu?"

"Mvula ya madzulo imaphikidwa m'mawa. Ukamabwera uziyang'ana pamwamba pa mapiri."

Kubadwa kwa mtambo wa mvula

Dzuwa likawomba, nthaka, miyala ndi madzi zimatentha. Mpweya umene uli pafupi ndi nthaka umatenthanso, ndipo popeza mpweya wotentha ndi wopepuka, umakwera kumwamba monga umachitira utsi. Pokwerapo umatenga nthunzi yochokera m'nyanja, m'mitsinje, m'madambo ndi m'masamba a mitengo. Nthunzi imeneyi siioneka ndi maso. Koma kumwamba n'kozizira. Munthu akakwera kilomita imodzi, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo n'chifukwa chake ku Dedza ndi pa phiri la Zomba kumazizira kuposa ku Mangochi. Nthunzi ija ikafika kozizirako imasanduka timadontho ta madzi tating'onoting'ono, tonga timene timapezeka kunsi kwa chivindikiro cha poto wa madzi owira. Timadontho tosawerengeka timeneti tikaunjikana ndiye mtambo.

Cha m'ma 10 koloko m'mawa timitambo toyera ngati thonje timayamba kuoneka pamwamba pa mapiri. Kunsi kwake n'kosalala ngati kuti wina wadula ndi mpeni, koma pamwamba pake n'potupatupa ngati thovu la sopo. Masiku ambiri timitamboti timangoyendayenda mpaka kuzimirira. Koma mpweya ukakhala ndi chinyontho chambiri, kamtambo kamodzi kamakula, kumeza tinzake, ndipo pofika 2 kapena 3 koloko masana kasanduka chiphiri choyandama. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, imene ndi yaitali koposa m'Malawi muno, ili pa mamita 3,002 kuchokera pa nyanja yamchere. Mtambo wa mvula ukhoza kutalika kanayi kapena kasanu kuposa pamenepo. Kumutu kwake kumazizira kwambiri kotero kuti madzi amaundana, ndipo mphepo ya kumwambako imauyala mutuwo mpaka kutambasuka ngati bowa wa utale. Kunsi kwake kumada bii, chifukwa kuwala kwa dzuwa kumalephera kuboola mulu waukulu chotere wa madzi.

Akatswiri a zanyengo amautcha mtambo umenewu cumulonimbus. Ndi mawu awiri a Chilatini: cumulus ndi mulu, ndipo nimbus ndi mtambo wa mvula. Amene anakonza mayina a Chilatini a mitambo ndi Luke Howard wa ku London, ndipo anawasindikiza m'chaka cha 1803. Komabe mayina okha sanakwanire, pakuti anthu awiri a m'maiko osiyana ankakhoza kuona mitambo yofanana nkuitcha mayina osiyana. Tsono m'chaka cha 1896 munatuluka buku lotchedwa International Cloud Atlas, m'mene munali zithunzi za mitambo, zambiri mwa izo zojambulidwa ndi kamera. Kuyambira pamenepo woona zanyengo aliyense ankayang'ana kumwamba, nkuyang'ananso m'buku, nkulemba dzina loyenera.

Masiku ano mitambo imajambulidwanso kuchokera pamwamba pake ndi makina ozungulira dziko lapansi otchedwa masetilaiti. Yoyamba kugwira bwino ntchito imeneyi inali TIROS-1, imene dziko la America linatumiza mu 1960. Namondwe wa Freddy, amene anapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kummwera kwa Malawi mu Malichi 2023, anaoneka pa zithunzi zotere kwa masabata asanu, akuwoloka nyanja ya India kuchokera kufupi ndi Australia.

Kamera siiona monga diso

Mtsikana uja ataweruka anapeza bambo ake atakonzeka kale. Cha m'ma 3 koloko anatsikira kugombe. Kumpoto, kutali pamwamba pa madzi, kunali kutaima chimtambo choyera kumutu, chakuda kunsi. Bambowo anaimika kamera yawo yaikulu pa choimikira cha miyendo itatu, ndipo anapatsa mwanayo foni yawo yakale kuti nayenso ayese.

Mtsikanayo analoza foni, nadina. Koma poyang'ana chithunzicho anakhumudwa. Mabwato ndi mchenga zinaoneka bwino, koma kumwamba kunangoti mbee ngati nsalu yochapidwa. Mtambo uja munalibe.

"Bambo, foniyi ndi yoonongeka," iye anadandaula.

"Foniyo ili bwino. Iwe wayesa kuti ili ndi maso onga ako."

Diso la munthu ndi lochenjera. Munthu akayang'ana kowala, kabowo kakuda ka pakati pa diso kamachepa. Akayang'ana kwa mdima kamakula. Zimenezi zimachitika mofulumira, mwini wake osadziwa, ndipo n'chifukwa chake munthu amaona mtambo wowala ndi nyumba ya mumthunzi ngati kuti waziona nthawi imodzi. Kamera ndi kabokosi kamdima kokhala ndi galasi kutsogolo, ndiponso kachitseko kamene kamatseguka ndi kutsekeka msanga kuposa kuphethira kwa diso. Kuwala kumene kwalowa pa kanthawi kameneko ndiko kumalemba chithunzi. Kale kunkalemba pa filimu, koma m'makamera ambiri a lero kumalemba pa kachipangizo ka magetsi. Kachitseko kaja kakachedwa kutsekeka, kuwala kumalowa kochuluka, ndipo pansi pamaoneka bwino koma thambo limayera. Kakatsekeka msanga, mtambo umaoneka ndi makwinya ake onse koma pansi pamada. Kamera iyenera kusankha chimodzi, ndipo ikasiyidwa yokha nthawi zambiri imasankha molakwa.

Vuto limeneli ndi lakale. Luso lojambula zithunzi linalengezedwa ku Paris m'chaka cha 1839, ndipo m'zaka zoyambirirazo zithunzi zambiri za mapiri ndi mizinda zinkatuluka ndi thambo loyera lopanda mtambo. Mfalansa wina dzina lake Gustave Le Gray anapeza nzeru. Mu 1857, ali ku Sète m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean, anajambula kawiri: nyanja payokha pa galasi lina, thambo palokha pa galasi linanso. Kenaka anasindikiza magalasi awiriwo pa pepala limodzi, ndipo anthu anazizwa kuona mafunde ndi mitambo zili pamodzi. Mafoni ena atsopano amachita zomwezo mwa okha. Amajambula zithunzi zingapo motsatizana nkuziphatikiza mwini foni asanazindikire.

Foni ya mtsikana uja inalibe nzeru zoterozo. Bambo ake anamuuza kuti akhudze ndi chala pa galasi la foniyo, pamene mtambo unali kuwala kwambiri. Atatero chithunzi chonse chinada pang'ono, ndipo mtambo unatulukira, mutu wake uli ngati thonje losakidwa. Mabwato anangosanduka zithunzithunzi zakuda.

"Koma mabwato ada," mtsikanayo anatero.

"Aleke ade. Lero mwini chithunzi ndi mtambo."

Panali zinanso zoti aphunzire. Wojambula thambo amapatsa thambolo gawo lalikulu la chithunzi, ndipo mzere umene madzi akumana ndi thambo amauika m'munsi. Mzerewo uyenera kuwongoka. Chithunzi chachitatu cha mtsikanayo chinapendekera kumanja, ndipo bambo ake anaseka nati, "Kodi unaionapo nyanja yopendekeka? Madzi onsewa akadatayikira ku Monkey Bay." Ndi bwinonso kuti m'chithunzi mukhale chinthu chimene anthu amadziwa msinkhu wake, monga bwato, mlambe kapena denga la nyumba. Mtambo ukakhala wokha, woona chithunzi sangadziwe ngati ndi chiphiri cha makilomita 12 kapena kathonje ka m'dzanja. Koma bwato likaoneka pansi pake lili ngati kambewu ka mpunga, mtima umagunda.

Ndiponso wojambula wanzeru amayang'ana kumene kuli dzuwa. Mtambo wa mvula umaoneka bwino koposa dzuwa likakhala kumbuyo kapena kumbali kwa wojambula. Pamenepo mchenga, udzu ndi mitengo zimawala, ndipo kuda kwa mtambo kumaonjezereka.

Kuwerenga pakati pa mphezi ndi bingu

Ali m'kati mojambula, asodzi anayamba kukokera mabwato awo kumtunda. Mmodzi wa iwo anali agogo ake a mtsikanayo, amene anakalambira pa nyanja. Iwo sanaphunzire dzina la Chilatini la mtambo uliwonse, koma anangoponya maso kamodzi nati, "Uwu ukubwera ndi mpoto. Musachedwe kugombe kuno, ndipo mdzukulu wangayo asanyowe."

Mwadzidzidzi kunsi kwa mtambo kuja kunang'anima.

"Werenga!" bambo aja anatero.

Mtsikanayo anawerenga pang'onopang'ono monga anamuphunzitsira, nambala iliyonse sekondi imodzi. Anafika pa 45, ndipo pamenepo bingu linamveka chapansipansi.

Mphezi ndi bingu zimachitika nthawi imodzi, koma sizifika kwa munthu nthawi imodzi. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi, choncho kumafika pomwepo. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 okha pa sekondi, ndiye kuti limatenga masekondi atatu kuti liyende kilomita imodzi. Mwana aliyense amene anaonapo munthu akudula mtengo patali amazidziwa zimenezi: nkhwangwa imaoneka itatera kale, kugunda kwake nkumamveka pambuyo. Tsono munthu akawerenga masekondi a pakati pa mphezi ndi bingu, nkugawa ndi 3, amadziwa kutalika kwa pamene mphezi yagwa. Masekondi 45 ndi makilomita 15.

Anapitiriza kujambula, koma bambowo sanalekenso kumvetsera. Mtambo unakula mpaka kudzaza theka la thambo. Pansi pake panalendewera chinsalu chotuwa cha mvula, ndipo madzi a nyanja anasanduka akuda. Kenaka kunabwera kamphepo kozizira kamene kanaulutsa mchenga. Mphepo yotere imatsika kuchokera mumtambo momwemo, yokokedwa ndi mvula imene ikugwa, ndipo imathamangira kutsogolo ngati mthenga. Kunang'animanso. Mtsikanayo anawerenga nafika pa 30.

Bambo aja anachotsa kamera pa choimikira chake.

"Bambo, taonani kukongola kwake tsopano! Chimodzi chokha basi!"

"Iyayi. Nyamula chikwama, tizipita."

Mtsikanayo ananyamula chikwama misozi ili m'maso, ndipo sikuti ankanama: pa nthawi imeneyo mtambowo unali wokongola kuposa pa zithunzi zonse zimene anajambula. Apa ndi pamene ojambula ambiri amalakwira. Amaganiza kuti malinga mvula siinayambe kugwa pamene aimapo, palibe choopsa. Koma mphezi ikhoza kugwa pa mtunda wa makilomita 10 kapena kuposerapo kuchokera pamene mvula ikugwa, pena dzuwa likuwala ndithu. N'chifukwa chake akatswiri amalangiza kuti bingu likamveka masekondi 30 asanakwane, munthu akhale atalowa kale m'nyumba, ndipo asatuluke mpaka patapita mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza.

Mphezi ndi magetsi amphamvu zedi. Siisankha munthu chifukwa cha mlandu kapena chidani. Kawirikawiri imatsata chinthu chimene chatalika kuposa zinzake pa malo amenewo, monga mtengo umene uli wokha m'munda, munthu woima pa chulu kapena pakati pa bwalo la mpira, ndi msodzi amene ali m'bwato pa nyanja. Tsoka lake n'lakuti malo amenewa ndi omwenso wojambula amawakonda, chifukwa ndi poonekera bwino. Munthu woimirira pa gombe lopanda kanthu, atagwira choimikira kamera cha chitsulo, wadziika yekha pa msampha. Kubisala pansi pa mtengo n'koopsa koposa. Malo abwino ndi m'kati mwa nyumba, kutali ndi zitseko, mazenera ndi mawaya, kapena m'galimoto ya denga lachitsulo yotseka magalasi.

Atangolowa m'nyumba, madontho akuluakulu anayamba kumenya malata. Bingu lina linagunda pamodzi ndi kung'anima kwake, popanda mpata wowerenga ngakhale nambala imodzi. Mtsikana uja anakhala pa mphasa osanena kanthu.

Chifukwa chake madzulo kumafiira

Mvula yotere siichedwa. Isanakwane 5 koloko inali itadutsa, ndipo bingu linali kumvekera kutali kummwera mpaka linaleka. Bambo aja anayang'ana wotchi, nadikira mphindi 30 zathunthu, kenaka anabwereranso kugombe ndi mwana wawo.

Anthu ambiri okhala m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, monga ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay, amaona dzuwa likutuluka m'madzi nkukalowa kumapiri. Koma Cape Maclear ili pa nsonga ya mtunda umene unalowa m'nyanja, choncho kumeneko madzulo munthu amayang'ana kumene dzuwa likulowa madzi ali patsogolo pake. Tsiku limenelo kumadzulo kunatseguka mpata pansi pa mitambo, ndipo dzuwa linasuzumira pamenepo. Kum'mawa kunaoneka utawaleza. Utawaleza nthawi zonse umakhala mbali yoyang'anana ndi dzuwa, kotero woufuna madzulo afulatire dzuwa.

Kuwala kwa dzuwa kumaoneka koyera, koma m'kati mwake muli mitundu yonse imene imaoneka mu utawaleza. Kuwalako kukamadutsa mumpweya, mtundu wa buluu umamwazika msanga mbali zonse, ndipo n'chifukwa chake masana thambo limaoneka la buluu. Masana dzuwa lili pamutu, ndipo kuwala kwake kumadutsa mpweya wochepa. Madzulo lili m'munsi, ndipo kuwalako kumayenda ulendo wautali mopingasa m'kati mwa mpweya. Pa ulendowo zimachitika zonga zimene zimachitika mayi akamapeta chimanga chokonola: madeya amauluka, mphale nkutsala m'lichero. Buluu amamwazikira m'njira, ndipo zimene zimatsala nkufika m'maso ndi chikasu ndi kufiira. Mitambo ikalandira kuwala kotereku nayonso imafiira psuu.

Sikuti madzulo onse amafanana. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala mumpweya mumadzaza fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire. Dzuwa limasanduka mpira wofiira nkuzimirira lisanafike n'kumapiri komwe, ndipo thambo limangokhala lotuwa. Mu Juni ndi Julayi, ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Blantyre kumabwera chiperoni, chimene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Pamenepo mitambo imatsika nkuphimba zonse, ndipo pena tsiku limatha dzuwa osaoneka. Nthawi yabwino koposa ndi dzinja, makamaka mvula ikangokata, chifukwa mpweya umakhala utatsukidwa ndipo mitambo yong'ambikang'ambika imatsalira kumwamba.

Wojambula thambo la madzulo sayang'anitsitsa dzuwa, ndi maso ngakhale kupyolera m'galasi la kamera, pakuti likhoza kuononga maso ngakhale litatsika. Ndiponso alibe nthawi yotaya. Dziko la Malawi lili pafupi ndi Equator, kumene dzuwa limatsika chowongoka. Mu Juni limalowa isanakwane 5:30, mu Januwale itangopitirira 6 koloko, ndipo pakangopita theka la ola chisisira chatha, mdima wagwa. Ku maiko a kutali kumpoto, monga ku Scotland, m'mwezi wa Juni chisisira chimakhala maola. Kuno munthu akabwerera kunyumba kukatenga chimene waiwala, amapeza zonse zitatha.

Dzuwa litalowa, alendo amene anali pa gombepo anaika mafoni awo m'matumba nayamba kubalalika. Mtsikana uja nayenso anatola chikwama.

"Ukupita kuti, mwanangu?"

"Dzuwa lalowa, Bambo."

"Lalowa kwa iwe. Mitambo ija ikuliona."

Mwana amene wakwera mumtengo amaonabe basi imene anzake a pansi aleka kuiona. Chimodzimodzinso mitambo ya kutali kumwamba imalandirabe dzuwa kwa mphindi zingapo anthu a pansi ataleka kuliona, ndipo kuwala kumene imalandira pa nthawiyo ndi kumene kwapetedwa koposa. Sipanapite nthawi, mitambo imene inali yachikasu inayaka ngati makala a moto, kuchokera kumadzulo mpaka pamutu, ndipo nyanja yonse inafiira. Alendo ena anabwerera chothamanga.

Koma tsopano kuwala kunali kutachepa, ndipo kuwala kukachepa kachitseko ka kamera kamachedwa kutsekeka. Dzanja likanjenjemera pang'ono pokha, chithunzi chimatuluka chosaoneka bwino. Mtsikanayo anagwada, natsamiritsa zigongono pa bwato lofulatika, nagwira mpweya, nadina mofatsa. Kanyali ka foni kanali kozimitsa, pakuti kuwala kwake kumangofika mamita owerengeka, pamene mtambo uli makilomita ambiri. Atajambula kanayi, moto uja unayamba kuzilala, ndipo mitambo inatuwa ngati phulusa.

Usiku

Atadya chakudya chamadzulo, mtambo wina unali kung'anima kutali kwambiri tsidya la nyanja. Bingu lake silinkamveka n'komwe, ndipo pamwamba pa mudzi panali nyenyezi. Bambo aja anaika kamera pa tebulo m'nyumba, nailoza pa zenera.

Palibe munthu amene angajambule mphezi podina ataiona kale. Imang'anima ndi kutha sekondi isanakwane, chala chisanasunthe. Nzeru yake ndi kutchera msampha. Mumdima, wojambula amasiya kachitseko ka kamera kotsegula kwa masekondi 10 kapena 20, kamera ili pa chinthu chosagwedera. Mphezi ikang'anima m'kati mwa nthawi imeneyo imadzilemba yokha. Mmodzi wa anthu oyamba kuijambula anali William Jennings wa ku Philadelphia, ku America, m'chaka cha 1882. Ojambula pamanja ankakonda kuilemba mphezi ngati mzere wa makona akuthwa, wonga mano a sowo. Zithunzi za Jennings zinaonetsa kuti imakhotakhota ndi kuchita nthambi ngati mtsinje kapena mizu ya mtengo.

Bambo aja anatchera kokwana 20. Zithunzi zambiri zinatuluka zakuda bii. Zina zinangoonetsa mtambo wowala m'kati ngati nyali yovundikira ndi nsalu. Chimodzi chokha ndicho chinagwira mphezi, kamzere koyera ka nthambi zitatu, ndipo pansi pake panaoneka tinyali ta asodzi a usipa amene anali atalowanso m'madzi chakufupi ndi gombe.

Kenaka anaona zithunzi za mwana wawo. Zinalipo 14. Zisanu zinali zopendekeka, zitatu zinali zogwedera, ndipo pa chimodzi panali chala. Anasankha ziwiri: cha mtambo uli ndi bwato pansi pake, ndi cha nyanja yofiira. Mtsikanayo anatenga kope lake lakale nalemba tsiku, nthawi, malo, ndi mbali imene mtambo unachokera, monga amachitira bambo ake pa chithunzi chilichonse. M'munsi mwake anawonjezera mzere wina umene sanauzidwe: "Wokongola koposa sitinaujambule. Unali pa makilomita 10."

Mawu ofunika kuwadziwa

nthunzi: madzi amene asanduka mpweya chifukwa cha kutentha
chinyontho: kunyowa kumene kuli mumpweya kapena m'nthaka
utale: mtundu wa bowa waukulu wotambasuka
mpoto: mphepo yochokera kumpoto
chisisira: kuwala kochepa kumene kumatsala dzuwa litalowa
chiperoni: nyengo yozizira ya mitambo yotsika ndi mvula yowaza

Mafunso

1. Kodi kujambula mtambo kumavuta bwanji kuposa kujambula munthu?
2. Fotokozani m'mene nthunzi imasandukira mtambo.
3. N'chifukwa chiyani kunsi kwa mtambo wa mvula kumada?
4. Kodi Gustave Le Gray anachita chiyani kuti nyanja ndi mitambo zioneke pa chithunzi chimodzi?
5. Mwana wina waona mphezi ndipo wawerenga masekondi 18 bingu lisanamveke. Kodi mpheziyo yagwa pa mtunda wa makilomita angati? Nanga mwanayo ayenera kuchita chiyani?
6. Tchulani malo atatu oopsa kuimapo kukamang'anima.
7. Kodi bambo aja ankatanthauza chiyani ponena kuti, "Lalowa kwa iwe. Mitambo ija ikuliona"?
8. Mukuganiza kuti mtsikana uja ankaganiza chiyani pamene anakhala pa mphasa osanena kanthu?

Za chilankhulo

(a) Mawu awa ndi mivekero: bii, mbee, psuu, phee. Apezeni m'nkhaniyi, ndipo pangani chiganizo chanuchanu ndi mvekero uliwonse.

(b) "Timitambo toyera ngati thonje" ndi chifanifani. Pezani zifanifani zina zinayi m'nkhaniyi ndi kuzilemba m'makope mwanu.

Ntchito

Kwa masiku asanu, yang'anani kumwamba pa nthawi yopuma ndiponso dzuwa likangolowa. Jambulani ndi pensulo mitambo imene mwaona, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse lembani tsiku, nthawi ndi mbali imene mitamboyo inali. Funsani akuluakulu a kwanu mayina a mphepo ndi zizindikiro za mvula zimene iwo amadziwa, ndipo mudzafotokozere anzanu m'kalasi. Musayang'anitsitse dzuwa, ndipo mukamva bingu lowani m'nyumba.